Mbiri ya moyo wanga, gawo 7: Khutu lakumanja ndi njinga ya kabaza

M'gawo lapitalo ndinalekezera pomwe amalume anandipatsa njinga yawo yakale, ija ya keliyala yowotcherera kawiri. Munali mu 2015, Fomu 4 ndamaliza, mayeso sanandikomere. Ndinamangirira khushoni pa keliyalapo n'kuyamba kabaza pa Kamuzu Road ku Salima.

Kwa inu amene mwandipeza panjira, ine ndine munthu wachialubino. Maso anga saona patali, koma msewu wa ku Senga Bay ndinauloweza ngati nyimbo ya ku Sande sukulu, dzenje lililonse ndinkalidziwa. Makasitomala ena ankandilambalala, ena ankachita kundisankha ati akwere njinga ya mzungu. Zonsezo ndinkangomeza, bola ndalama ilowe m'thumba.

Koma nthawi yake inali ija anthu ankatisaka ngati nyama. Lipoti la Amnesty International la mu Juni 2016 linati anthu achialubino osachepera 18 anali ataphedwa m'Malawi muno kuchokera mu Novembala 2014. Amayi anandikhazika pansi. "Iwe, mbandakucha usamatuluke. Dzuwa likapendeka ndizikuona pakhomo pano. Ulendo wa kumidzi uzikana, kaya akulonjeza zingati." Ndinamvera. Anzanga ankalawirira kukanyamula amayi a geni ya nsomba, madzulo n'kumadikira otsika minibasi. Ine ndinkayamba cha m'ma 9 koloko n'kuweruka 3 koloko, pamsewu wa tala pomwe pali maso a anthu. Pothawa zikwanje ndinakadzipereka ku dzuwa la paliwombo, la ku Salima, la mu Okutobala, lija tala amanyezimira ngati pathiridwa madzi.

Munthu ukamapalasa njinga umawerama. Kapu imaphimba chipumi chokha, khosi ndi makutu zili pamtetete, manja ali gwa pa mahandulo tsiku lonse. Ukafika kunyanja, mchenga ndi madzi zimakubwezeranso dzuwa lomwelo kuchokera pansi. Mlomo wanga wam'munsi unkang'ambika osapola. Mu Juni, mwera ukamaomba kumwamba kuli mitambo, ndinkati lero ndapuma, koma madzulo khosi n'kumawotcha chimodzimodzi. Mafuta oteteza ku dzuwa ndinali nawo botolo limodzi, lochokera ku chipatala china komwe ulendo wachiwiri anandiuza kuti atha. Ndiye ndinkawaumira ngati mafuta ophikira a pa Khirisimasi: kadontho m'mawa, basi. Pofika pachitunda choyamba thukuta linali litatsuka zonse.

Chimene wakabaza sachiona ndi kumbuyo kwake. Amaona ndi wokwera. Tsiku lina mu 2017 ndinanyamula mayi wina wachikulire wochokera kumsika, dengu la tomato pamiyendo. Titayenda pang'ono anati, "Achimwene, khutu lanuli munalionetsa kuchipatala?" Ndinaseka, ndikuti ndi kankhanambo chabe. Kanalipodi pamwamba pa khutu lakumanja, kokhakhala ngati lilime la mphaka. Ndinkakatong'ola, kenaka n'kumeranso, miyezi yoposa isanu. Potsika mayiwo anakana chenji. "Imeneyo muyendere. Chilonda chosapola pa khungu ngati lanuli sachisekerera." Sindinawaonenso mpaka lero.

Patapita milungu itatu kunabwera kliniki yoyendayenda ya anthu achialubino. Dokotala wa khungu anandivulitsa malaya n'kuyamba kuwerenga: khutu, khosi pawiri, kuseri kwa dzanja, mlomo. Malo asanu. Anandifotokozera kuti khungu lakuda lili ndi melanini, imene imatchinga cheza cha dzuwa, pomwe lathu ilibe kapena ili yochepa kwambiri. Cheza chimenecho chimawononga khungu pang'onopang'ono, chaka ndi chaka, ngati ngongole ya katapila. "Izi sizinafike pa khansa," anatero, "koma msewu wake ndi womwewu." Anatenga kabotolo kachitsulo ka nayitirojeni wamadzi, wozizira madigiri 196 kunsi kwa ziro, n'kupopera pakhutupo. Kunatuluka utsi woyera, ululu wake ngati mavu atatu aluma malo amodzi. Panatuluka thuza, patatha milungu iwiri nkhanambo inagwa, pansi pali khungu losalala.

Amene sindimuiwala ndi bambo amene anali patsogolo panga pamzere. Anali atakulunga tsaya ndi chitenje, ntchentche zikumutsata. Mkazi wake anati chinayamba ngati kachiphuphu, anayenda nacho kwa asing'anga chaka chathunthu poganiza kuti n'zolodzedwa. Iyeyo dokotala sanamupopere kanthu. Anamulembera kalata yopita ku chipatala chachikulu ku Lilongwe.

Ndinabwerako ndi mabotolo awiri a mafuta oteteza ku dzuwa olembedwa SPF 50 (nambala yosonyeza mphamvu yake yotchinga dzuwa) ndi chipewa chotambalala. Malangizo ake: kudzola ndisanatuluke m'nyumba, kubwereza pakatha maola awiri alionse, makamaka ndikatuluka thukuta, osaiwala makutu ndi mlomo. Malaya a manja aatali, ndipo ndisanagule pa kaunjika ndiziyamba ndawayang'anitsa kudzuwa. Kuwala kukamadutsa, ndiwasiye. Ndipo kuyambira 10 koloko mpaka 4 koloko ndizikhala pamthunzi. Apa ndinaseka mokweza, chifukwa amenewo ndiwo anali pafupifupi maola anga onse a ntchito.

Chipewa chija chinauluka tsiku loyamba lomwe, lole itandidutsa. Amayi anachisokerera chingwe cha pachibwano ndi kansalu ka chitenje kolendewera kukhosi. Manja ndinavala masokosi akale odula kumapeto. Pa siteji anzanga anaseka mpaka kugwira m'mimba, ati ndafanana ndi choopsezera mbalame m'munda wa mpunga.

Za maola zija anazithetsa ndi mnzanga wina wa pa siteji pomwepo, yemwe ankaseka kuposa onse. "Aise, m'mawa tizinyamukira limodzi. Iwe patsogolo, ine pambuyo. Akufuna iwe ayambe ndi ine." Tinayamba kutuluka 5 koloko, njinga ziwiri, ulendo uliwonse limodzi, ndalama n'kugawana. Ikakwana 10 koloko ine ndinkatsamiritsa njinga pa mtengo wa mango uli kuseri kwa siteji n'kukhala pansi. Pokhala chokhala anzanga anayamba kundisiyira machubu oti ndiwamatire, wina tcheni chodumpha, wina sipoko yothyoka. Pofika Disembala ndinali ndi pampu yangayanga, beseni la madzi ndi masipanala atatu.