Pamene njanji yathera m'madzi ku Bangula

Lero m'mawa, dzuwa lisanayambe kuwotcha, ndinanyamuka pa Bangula n'kuyamba kutsata njanji yakale yolowera ku Chiromo. Zitsulo zake zachita dzimbiri, ndipo m'malo ena zitsamba zaminga zamera pakati penipeni, mwakuti ndimachita kupatuka n'kukaipezanso kutsogolo. Posakhalitsa ndinafika pa Mtayamoyo, pamene madzi osefukira anakokolola mtumbira wa njanji m'chaka cha 1997, ndipo kuyambira pamenepo sitima yochokera ku Limbe sinafikenso tsidya lino. Anthu akuwoloka pa mabwato, njinga zitasanjikizidwa pamwamba pa matumba.

Ndinakhala pansi ndikuganizira kuti mtsinje womwewu wa Shire ndiwo unaitanitsa njanjiyi. Kale katundu wopita ku Blantyre ankabwera pa sitima zapamadzi kudzera mu Zambezi ndi Shire, koma madzi atayamba kuchepa, sitimazo zinkatitimira mumchenga zisanafike n'komwe ku Chiromo. N'chifukwa chake kampani ya Shire Highlands Railway inayala njanji kuchokera ku Port Herald, komwe lero timati Nsanje, mpaka ku Blantyre, ndipo inatsegulidwa mu 1908. Vuto la madzi litapitirira, mu 1915 anaitalikitsa kukafika ku Chindio m'mbali mwa Zambezi, kenaka mlatho wa Dona Ana wowoloka Zambezi utatha mu 1935 sitima inayamba kuyenda osaduka mpaka ku doko la Beira. Fodya, tiyi ndi thonje zinkadutsa pamalo omwewa pamene lero ndapezapo mbuzi zikudya msipu.

Si madzi okha amene anaipha njanjiyi, ngakhale ambiri amatero. Njira ya ku Nacala itatsegulidwa mu 1970 katundu wina anasamukira kumeneko, ndipo nkhondo ya pachiweniweni ya ku Mozambique inatseka njira ya ku Beira m'zaka za m'ma 1980. Pofika 1997 njanjiyi inali itafooka kale, ndipo m'maganizo mwanga n'chifukwa chake panalibe changu choikonza. Chigawo cha Limbe mpaka Makhanga chinapirirabe, chikunyamula anthu akumudzi ndi mitolo yawo, kufikira madzi a mu Januwale 2015 atachiwononganso.

Pobwerera ndinagwada n'kupala dzimbiri pa chitsulo china ndi mwala, kuti ndione ngati chaka chimene chinasulidwa chikuwerengeka, koma manambalawo anali atadyeka.