Mwana akagunda mutu, atuluke m'bwalo

Makochi a matimu a ana, chonde ndimvereni. Loweruka mwana wanga wa zaka 11 anawombana mitu ndi mnzake polimbirana mpira wam'mwamba. Anadzuka akudzandira. Anangomuthira madzi kumutu, amvekere "limba, ndiwe mwamuna," n'kumubweza m'bwalo.

Usiku anayamba kusanza, akulira kuti kuwala kwa babu kukumulasa m'maso. Kuchipatala adokotala anati ubongo unagwedezeka, ndipo amuletsa kaye mpira. Akupezako bwino, koma mtima wanga sunakhale pansi.

Bungwe la mpira padziko lonse la FIFA ndi la zaumoyo la WHO anachenjeza mu 2024 kuti zizindikiro za kugwedezeka kwa ubongo zimatha kutenga mpaka maola 72 kuti zioneke. Mwana akagunda mutu asaseweranso tsiku limenelo, ndipo muzitiuza makolofe. Ine palibe wamkulu anandiuza, ndinachita kumva kwa anzake.