Mawu agwirizana ndi milomo tsopano!

Anzanga, lero nde ndapuma. Mu kafilimu kamene tikupanga mawu akuyenda limodzi ndi milomo mpaka kumapeto, moti sini ya pakhomo ija ndikungoibwereza ndi chimwemwe.

Nkhani inali yotere. Zithunzi tinajambula ndi foni, mawu tinatapa padera pa karekoda kotchedwa Zoom H1n, ndipo shoti iliyonse timayamba tawomba kaye m'manja kutsogolo kwa kamera kuti polumikiza pasadzavute. Ndikaika mu DaVinci Resolve, pulogalamu yodulira ndi kulumikizira mafilimu, poyambirira pamagwirizana bwinobwino, koma shoti ikatalika mumangoona mtsikana wosewera mufilimuyi watseka kale pakamwa mawu akutulukabe. Kusuntha, kudula, kusunthanso, pena kuwakoka mawuwo pang'ono mpaka liwu lake kumamveka ngati la munthu wina, masiku akungopita. Zimandiwawa kwambiri chifukwa sini imeneyo anasewera ndi mtima wonse, misozi yeniyeni, ndiye kuidula tizidutswa sindimafuna olo pang'ono.

Kumene kunabisala vuto ndi ku foni. Mafoni ambiri satulutsa mafelemu (tizithunzi topanga vidiyo) ofanana kuchuluka sekondi iliyonse, olo usankhe 30 amatha kutsika pakakhala kamdima kapena foni ikatentha, zimene amati variable frame rate, pomwe rekoda ikungoyenda liwiro limodzi osasintha. Nditatsegula fayilo mu MediaInfo, pulogalamu yoonetsa tsatanetsatane wa fayilo, ndinapezadi palembedwa Variable. Mafayilo onse ndawadutsitsa mu HandBrake, pulogalamu yosinthira mafayilo a vidiyo, kusankha Constant Framerate kuti mafelemu asamasinthe kuchuluka, kuwabwezera mu DaVinci Resolve, basi zatheka. Amene mukujambula ndi foni chitani zimenezi musanadule chilichonse, chonde.

Koma karekoda aka nde ndimakakonda bwanji. Filimu yathu yoyamba mphepo inadya mawu onse a panja, chigulireni kaubweya kovekera maiki kaja sindinamvenso phuu phuu uja. Komanso room tone, kaphokoso ka m'chipinda kojambulidwa anthu ali chete, yandithandiza kobasi ulendo uno, tinauza aliyense akhale chete mphindi imodzi m'chipindamo, ndiye ndi imeneyo ndikumata m'mipata yonse pomwe ndadula, khutu silikumva n'komwe kuti panali mpata.

Kwatsala kukonza mitundu ya zithunzi, mashoti a madzulo akuoneka achikasu kuposa a m'mawa ndipo nkhope sizikufanana. Nyimbo sitinapezebe. Zikatha izi ndikufuna tikaiponye ku mafestivo kudzera pa FilmFreeway, webusaiti yotumizira mafilimu, kenako tiyambe yaitali, ya ola lathunthu, nkhani yake ili kale m'mutumu.