Mng'alu umene unadikira zaka 5 pansi pa nthaka

Pa ntchito yoyamba imene tinapatsidwa m'phunziro la kasamalidwe ka mapaipi a mafuta, funso linali lakuti munthu angadziwe bwanji kuti kampani ikusamala bwino paipi yake. Ine sindinavutike nalo. Ndinalemba kuti tiziwerenga ngozi zochitika pa chaka, malita a mafuta otayika ndiponso antchito ovulala, ndipo ndinajambula tebulo looneka bwino kwambiri. Aphunzitsi athu, amene anakhalapo injiniya kwa zaka zambiri asanayambe kuphunzitsa, anandibwezera pepalalo atalemba m'mphepete funso limodzi ndi cholembera chofiira, lakuti kodi tebulo langalo likanaonetsa chiyani za paipi yotchedwa Line 6B pa 24 Julayi 2010.

Paipi imeneyi inali ya kampani ya Enbridge ya ku Canada, ndipo inakwiriridwa m'chaka cha 1969. Madzulo a Lamlungu pa 25 Julayi 2010 inaphulika pafupi ndi tauni ya Marshall, m'chigawo cha Michigan ku America, ndipo malita oposa 3 miliyoni a mafuta osayenga anatayikira mu kamtsinje ka Talmadge n'kukalowa mu mtsinje wa Kalamazoo, umene panthawiyo unali utasefukira ndi mvula. Mafutawo anali amtundu wolemera ngati phula, osungunulidwa ndi mafuta ena opepuka kuti aziyenda m'paipi. Opepukawo atauluka, olemerawo anamira n'kukakamira pansi pa mtsinje, kotero kuti ntchito yoyeretsa inatenga zaka ndipo inadya ndalama zoposa madola 1 biliyoni.

Chimene chinandisowetsa mtendere powerenga lipoti la mu 2012 la NTSB, bungwe la boma la America lofufuza ngozi za mayendedwe ndi za mapaipi, ndi chakuti mng'alu umene unaphulitsa paipiyo unali utaonedwa kale mu 2005. Makampani amalowetsa m'paipi chida chotchedwa pig, chimene chimayenda limodzi ndi mafuta n'kumapima makulidwe a chitsulo ndi kufufuza ming'alu, ndipo chidacho chinagwira ntchito yake. Pulasitiki yokulunga paipiyo inali itamatuka, madzi analowa pansi pake, dzimbiri linadya chitsulo, ndipo ming'alu inayamba kukula pamalo odyekawo nthawi iliyonse puresha ikakwera ndi kutsika. Koma pounika zimene chidacho chinapeza, mng'aluwo unaikidwa m'gulu lolakwika, ndipo kampaniyo inkawerengera vuto la dzimbiri palokha ndi la ming'alu palokha, ngati kuti ziwirizo sizikumana pachitsulo chimodzi. Masamu anaonetsa kuti palibe chifukwa chokumbira malowo, ndipo sanakumbidwe. Kwa zaka 5 mng'aluwo sunadonthetse mafuta ndipo sunavulaze munthu, choncho pa tebulo langa lija ukanakhala wosaoneka mpaka tsiku lomaliza.

Gawo lachiwiri la nkhaniyi linachitikira kutali, mu mzinda wa Edmonton ku Canada, m'chipinda chimene antchito amayang'anira paipi pa makompyuta. Paipiyo inaphulika pamene ankaizimitsa monga mwa dongosolo, ndipo ma alamu atalira antchitowo anaganiza kuti mafuta angodukizana m'kati n'kusiya mpata, zimene zimachitika pafupipafupi paipi ikaima. Kampaniyo inali ndi lamulo lakuti alamu yosonyeza kutayika kwa mafuta ikapanda kumveka chifukwa chake m'mphindi 10, mapampu azimitsidwe, ndipo lamuloli linabwera pambuyo pa ngozi ina ya mu 1991 ku Grand Rapids, m'chigawo cha Minnesota. Komabe anayatsa mapampu kawiri pofuna kudzaza mpata umene kunalibe, ndipo mafuta 81 pa 100 alionse amene anatayika anatuluka pa maulendo awiriwo. Panadutsa maola oposa 17 asanadziwe kuti paipi yaphulika, ndipo amene anawadziwitsa anali wantchito wa kampani ina ya gasi amene anaona mafutawo ndi maso.

Polembanso ntchito yanga ndinasiya ziwerengero za ngozi pamalo pake, chifukwa ndi zofunika, koma ndinazindikira kuti zimangonena za madzi amene atayika kale, omwe sawoleka. Pamwamba pake ndinaika miyeso ya zinthu zimene zimatsogolera ngozi. Woyamba, umene ndimauona kuti ndi wolemera kuposa yonse, ndi chiwerengero cha masiku kuchokera pamene chida chapeza chilema mpaka pamene anthu akumba, kuona ndi kukonza, pamodzi ndi kuchuluka kwa zilema zimene nthawi yake yokonzera yapitirira. Ndinawonjezapo kusiyana kwa kukula kwa mng'alu kumene chida chinanena ndi kumene anapeza atakumba, chifukwa ngati chida chimachepetsa zinthu kawirikawiri, ndiye kuti ngakhale malo amene sanakumbidwe ayenera kukayikiridwa. Za m'chipinda choyang'anira ndinalemba kuti aziwerenga kangati lamulo la mphindi 10 lalumphidwa ngakhale pamene sipanachitike kanthu, pakuti chizolowezi chophwanya lamulo chimakula pa masiku amene zinthu zayenda bwino.

Muyeso umodzi unandivuta, ndipo ndinakangana nawo anzanga m'kalasi. Ena ankati malipoti a ngozi zimene zinangotsala pang'ono kuchitika akachepa, ndiye kuti zinthu zikuyenda bwino. Ine ndikuona kuti nthawi zambiri kuchepako kumasonyeza kuti antchito ayamba kuopa kulankhula, makamaka ngati bonasi ya abwana awo yamangiriridwa pa chiwerengerocho. Ndondomeko ya chitetezo cha mapaipi yotchedwa API 1173, imene inatuluka mu 2015 potsatira zimene NTSB inapempha pambuyo pa ngozi ya ku Marshall, imatsindika udindo wa atsogoleri pa nkhani imeneyi, ndipo tsopano ndikumvetsa chifukwa chake.

Powerenga zonsezi sindinaleke kukumbukira kuti paipi ya TAZAMA, imene imayenda makilomita 1,710 kuchoka ku Dar es Salaam kufika ku Ndola, inayamba kugwira ntchito mu 1968, chaka chimodzi Line 6B isanakwiriridwe. Ukalamba pawokha suphulitsa paipi, koma chitsulo cha zaka zimenezo chimafuna kuti mafunso omwewa azifunsidwa mosalekeza.

Pepala lachiwiri linabwera lili ndi malikisi abwinoko, komanso funso lina lofiira pambali pa muyeso wanga wa masiku odikira kukumba. Aphunzitsi anafunsa kuti ngati mng'alu waikidwa m'gulu lolakwika kuyambira pachiyambi, moti sunalowe n'komwe pamndandanda wa malo ofunika kukumba, muyeso wangawo udzauwerenga bwanji. Ndiyenera kupereka yankho Lachisanu likudzali.