Nsapato za ku Vindolanda

Ndangotuluka kumene m'nyumba yosungiramo zinthu zakale ku Vindolanda, malo akale a asilikali a Roma kumpoto kwa England, kufupi ndi khoma lomwe Aroma anamanga lotchedwa Hadrian's Wall, ndipo mtima sunakhazikike. Malupanga aliko, koma chandigwira ndi nsapato. Zachikopa, mbwee, zina za tiana, zina misomali yake ikuonekabe kunsi.

Ndiye pali timakalata ta pa timatabwa topyapyala, tomwe anayamba kutifukula mu 1973. Pa kena munthu akuuza msilikali kuti wamutumizira masokosi, nsapato ndi makabudula awiri am'kati. Anyamatawa ambiri ankachokera komwe lero kuli Netherlands ndi Belgium, kudzazizidwa kuno cha m'ma 100 AD polondera malire a Roma. Ife odikira ufa ndi usipa wochokera kumudzi, zimenezi sizachilendo, ndipo ndawamvera chisoni ngati abale anga.

Amene muli ku Newcastle pitaniko ndithu, ndi pafupi. Musaiwale jekete yochindikala.