Nsalu ya pilokesi ndi tiziphuphu toyabwa tapamphumi

Mwezi wa Okutobala ukafika muno mu Lilongwe, tulo timavuta. Malata amakhala atawotchedwa ndi dzuwa tsiku lonse, mphepo siwomba, ndipo munthu ukalowa m'neti umayamba kutuluka thukuta usanatseke n'komwe maso. Ndi m'nyengo imeneyi pamene ine, kwa zaka zitatu zotsatizana, ndinkatuluka tiziphuphu ting'onoting'ono pamphumi, m'mphepete mwa tsitsi, pakhosi ndi pamapewa. Tonse tinali tofanana kukula kwake ngati mawere omwazika pamphasa, ndipo tinkayabwa koopsa, makamaka madzulo ndikatsika minibasi kuchokera kuntchito. Poganiza kuti ndi ziphuphu wamba, ndinamwa mankhwala a doxycycline kwa masabata angapo, koma m'malo mochepa tinachuluka mpaka kufika pamsana.

Dokotala wa khungu amene anandiona pambuyo pake anandifunsa mafunso awiri oyamba: ngati tiziphuphuto timayabwa, komanso ngati ndinaonapo kena kali ndi kamutu kakuda. Nditayankha kuti timayabwa ndipo kakuda ndi kamodzi komwe palibe, anandiuza kuti limeneli ndi vuto lotchedwa Malassezia folliculitis, limene anthu pa intaneti amalitcha fungal acne. Limayamba ndi tizilombo ta mtundu wa yisiti totchedwa Malassezia, dzina lochokera kwa katswiri wa ku France, Louis-Charles Malassez, amene anationa m'mfundu ya kumutu m'chaka cha 1874. Tizilomboti timakhala pakhungu la munthu aliyense, ngakhale amene khungu lake ndi losalala, ndipo sitibweretsa vuto kufikira titachulukana m'timabowo totulukira ubweya. Mankhwala amene ndinkamwa aja amapha mabakiteriya osati yisiti, motero ankangotilambulira malo.

Chimene chinandithandiza kumvetsa nkhani yonse ndi kadyedwe ka tizilomboti. Sitingathe kudzipangira tokha mafuta amene timafunika kuti tikule, choncho timadalira mafuta otuluka pakhungu ndi ena amene ife timadzola. Akatswiri akafuna kutimeretsa m'labotale amachita kuthira mafuta a olive pamwamba pa chakudya chake, apo ayi sitimera bwino. Tikapeza mafuta, kutentha ndi chinyezi pamalo amodzi, timaswana mofulumira. Nditamva zimenezi ndinayamba kuganizira malo amene zinthu zitatuzi zimakumana pa moyo wanga, ndipo yankho linali pabedi panga pomwe, pansalu imene tsaya ndi mphumi yanga zimakhuza kwa maola 7 kapena 8 usiku uliwonse.

Ndiyenera kunena momveka kuti pilokesi sichiza vutoli, ndipo siimene imaliyambitsa. Chimene chinachotsa tiziphuphu tanga ndi shampu ya ketoconazole imene dokotala anandiuza kuti ndizipaka pamalo okhudzidwawo, n'kudikira mphindi 5 ndisanatsukuluze. Ena amafunika mapiritsi monga fluconazole kapena itraconazole, amene sayenera kumwedwa popanda dokotala. Koma vutoli limakonda kubwerera nyengo yotentha ikafika, ndipo apa ndi pamene nsalu yogonerapo imakhala ndi gawo lake.

Pa nthawiyo ndinkagonera pilokesi ya satini, imene ndinagula chifukwa anzanga kusaluni ankanena kuti imateteza tsitsi kuti lisathothoke ndiponso kuti zoluka zisafwanthuke msanga. Zimenezi ndi zoona ndithu, pakuti nsalu yoterera siikoka tsitsi. Chimene sindinkadziwa n'chakuti mawu akuti satini amanena za kalukidwe ka nsalu, osati ulusi umene analukira. Satini angakhale wa silika, wa thonje kapena wa polyester, ndipo wotchipa amene timamupeza m'masitolo ndi pamsika kawirikawiri amakhala wa polyester, umene ndi ulusi wa pulasitiki wochokera ku mafuta a pansi pa nthaka. Ulusi umenewu sumwa madzi. Pa chinyezi wamba cha m'chipinda, thonje limasunga madzi okwana pafupifupi magawo 8 pa 100 a kulemera kwake, pamene polyester safika ngakhale gawo limodzi. Tanthauzo lake n'lakuti thukuta la usiku silipita kulikonse, limangokhala pakati pa nkhope ndi nsalu. Chachiwiri, chimene kwa ine n'choipa kwambiri, n'chakuti polyester amakonda mafuta: amawagwira msanga ndipo sawataya mosavuta pochapa. Aliyense amene anayesapo kuchotsa fungo la m'khwapa m'jezi ya mpira akudziwa zimene ndikunena. Pilokesi yangayo inkaoneka yowala ndi yoyera, koma mafuta a tsitsi a masabata ambiri anali atakhazikikamo.

Kenaka ndinatengeka ndi silika weniweni, amene amatamandidwa kwambiri pa intaneti. Silika ndi ulusi wochokera ku mbozi, ndi woterera, ndipo amamwa chinyezi kuposa thonje pang'ono, choncho pa zimenezi palibe chomudandaulira. Vuto lake lili pa kachapidwe. Safuna madzi otentha, safuna bulichi, amawonongeka ndi sopo waufa wamphamvu, ndipo ukamuyanika padzuwa lowala ulusi wake umafooka. Komanso mtengo wake ndi woti munthu wamba amatha kugula imodzi yokha, ndipo pilokesi imodzi yokhayo imathera kugonedwa sabata yathunthu isanachapidwe chifukwa mwini wake akuisunga. Ndinaona kuti kwa khungu ngati langa, nsalu imene ndikuopa kuichapa pafupipafupi ilibe phindu, ngakhale itakhala yabwino motani.

Za nsalu zolembedwa kuti ndi za nsungwi sindichedwapo. Zambiri mwa izo ndi viscose, ulusi wopangidwa posungunula nsungwi ndi mankhwala m'fakitale, ndipo pofika pomaliza suonekanso kuti unachokera ku chomera chanji. Amalonda amanena kuti nsaluzi zimapha tizilombo mwachibadwa, koma m'chaka cha 2022 masitolo a Walmart ndi Kohl's ku America analipitsidwa chindapusa cha madola mamiliyoni angapo pa mlandu umene bungwe la boma loteteza ogula la Federal Trade Commission linawatsegulira, wogulitsa viscose monamizira kuti ndi nsungwi yeniyeni. Nsaluyi ndi yofewa ndi yozizira bwino, koma imafooka ikanyowa ndipo siyenera kulipiridwa ndalama zowonjezera ngati kuti ndi mankhwala.

Ndinabwerera ku thonje, limene timalima tokha ku Salima, ku Balaka ndi kuchigwa cha Shire, ndipo chifukwa chake ndi chimodzi: limapirira chilichonse chimene ndimafuna kulichita. Limalola madzi a madigiri 60, limalola kutikitidwa ndi sopo wamtanda, limalola dzuwa la masana, ndipo limalola simbi yotentha kwambiri, ija ya madontho atatu pachizindikiro, imene imafika pafupifupi madigiri 200. Thonje nalonso limamwa mafuta, limenelo sindikana, koma limawataya ukalichapa bwino. Pakati pa nsalu za thonje ndimasankha yolukidwa mwawamba, ulusi umodzi pamwamba wina pansi, imene pamapaketi amailemba kuti percale, chifukwa imapitisa mpweya kuposa yowala yolukidwa ngati satini, yotchedwa sateen. Sindithamangiranso manambala akuluakulu a kuchuluka kwa ulusi olembedwa pamapaketi, pakuti nsalu yothinana kwambiri imasunga kutentha ndipo imachedwa kuuma m'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale pamene mvula imagwa mosalekeza. Nsalu ya linen nayo ndi yabwino kwambiri chifukwa imauma msanga, ndipo nthawi zina imapezeka pakaunjika, ngakhale kuti ikakhala yatsopano imakanda pang'ono.

Kupeza thonje lenileni muno mumzinda kumafuna maso. Pakaunjika ndimayamba ndafufuza kachikwangwani kosokedwa m'mphepete, ndipo ngati palembedwa kuti polycotton kapena microfibre ndimabweza, chifukwa woyambayo ndi wosakaniza ndipo wachiwiriyo kawirikawiri ndi polyester yekhayekha. Kachikwangwaniko kakakhala kuti kanadulidwa, pali njira imene anandiphunzitsa telala wina wachikulire wapakhonde ku Area 25. Anasolola timaulusi tingapo m'mphepete mwa nsalu n'kutiyatsa ndi machesi, kenaka anati, "Mayi, nunkhizani. Likakhala thonje limanunkha ngati pepala lopsa, ndipo phulusa lake mukalifikisa limangomwazika. Zikasungunuka n'kuuma gwa ngati kamkanda, dziwani kuti mwagula pulasitiki." Silika weniweni, iwo anati, amanunkha ngati tsitsi lowauka. Kuyambira tsiku limenelo ndazindikira kuti zitenje zambiri zotchipa zimene zadzaza pamsika masiku ano n'zamtundu wosungunukawo, choncho amene akufuna kusoketsa pilokesi ya chitenje ayambe wayesa, ndipo achichape kangapo kuti utoto wotsalira ndi sitachi zichoke. Ine ndimakonda nsalu yoyera, ija akuluakulu amaitcha bafuta, chifukwa dontho la mafuta limaonekera pomwepo ndipo silindinamiza kuti pilokesi ikadali bwino.

Bambo omwewo ndi amene anandisokera mapilokesi 5 kuchokera pa shiti imodzi yaikulu ya thonje imene ndinagula pakaunjika mumsika wa Tsoka, pamuyeso wa masentimita 45 m'lifupi ndi 70 m'litali. Ndinawapempha kuti asaike zingwe, maluwa kapena zopeta pakati, chifukwa zimenezi zimakhula khungu ndipo zimasunga litsiro. Ndalama zonse za shiti ndi kusoketsa sizinafike pa mtengo wa pilokesi imodzi ya silika. Kuchuluka kwa mapilokesiku ndi kumene kunasintha zinthu kuposa china chilichonse, chifukwa kunandilola kusintha popanda kudikira tsiku lochapa. M'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi ndimagonera mbali imodzi usiku woyamba, n'kutembenuza usiku wachiwiri, ndipo wachitatu ndimaika ina. Kuyambira Okutobala mpaka mvula itatha ndimasintha usiku uliwonse.

Pochapa ndimatenthetsa madzi pambaula, ndimaviika mapilokesi paokha osawasakaniza ndi zovala zina, ndipo ndimatsukuluza katatu kuti sopo asatsalire. Mankhwala onunkhira ofewetsa zovala ndinawasiya pa nsalu zimenezi, chifukwa amagwira ntchito pokuta ulusi ndi kachinthu koterera kamene kamachepetsa mphamvu ya thonje yomwa madzi, pamene mphamvu imeneyo ndi imene ndinalisankhira. Ndimayanika pachingwe padzuwa, osati paudzu kapena pampanda wa maluwa, kenaka ndimasita mbali zonse ziwiri. Kusita kumeneku amayi athu anatiphunzitsa kalekale pofuna kupha mazira a ntchentche zija zimaikira pa zovala zonyowa n'kusanduka mphutsi m'khungu, koma kumathandizanso kuchotsa chinyezi chotsalira m'misoko pa masiku a mitambo. Magetsi akazima simbi yamakala imagwira ntchito yomweyo. Mtsamiro weniweniwo ndimauanika padzuwa Loweruka lililonse, ndipo ndinausokera chikwama china chamkati, chifukwa n'kosathandiza kuvundikira ndi nsalu yoyera siponji yodzaza thukuta la zaka.

Nkhani ya tsitsi ndi imene inandivuta kwambiri, ndipo ndikukhulupirira kuti amayi ambiri agwirizana nane. Tsitsi lathu limafuna mafuta, ndipo thonje limaliumitsa ndi kulikoka. Koma mafuta ambiri amene timadzola kumutu, monga a coconut ndi a olive, ndi chakudya chenicheni cha tizilombo tija, ndipo usiku amachoka kutsitsi kupita papilokesi, kenaka pamphumi ndi pamasaya. N'chifukwa chake tiziphuphu tanga tinkatsatira mzere wa tsitsi ngati wachita kujambula. Vaseline sadyedwa ndi tizilomboti, koma ukamupaka wambiri pankhope nyengo yotentha amatsekera thukuta. Njira imene ndinapeza ndi yogawa ntchito: satini uja ndinamusandutsa mpango wakumutu, kuti ateteze tsitsi ndi kutsekera mafuta ake mkati, pamene nkhope imagona pathonje. Mpangowo ndimaumanga m'mwamba pang'ono kuti usatsikire pamphumi, ndimauchapa kawiri pa sabata, ndipo mafuta akumutu ndimadzola m'mawa osati pogona.

Pali chinthu chimodzi chimene chimandipweteka mtima ndikamachiona pakati pa atsikana anzathu. Tiziphuphuti tikasiya mawanga akuda, ambiri amathamangira mafuta oyeretsa khungu ogulitsidwa m'timachubu pamsika, amene ena mwa iwo muli mankhwala amphamvu a steroid monga clobetasol ndi betamethasone. Masiku oyamba kuyabwa kumaleka ndipo munthu amaganiza kuti wachira, koma mankhwalawa amafooketsa chitetezo cha khungu, motero tizilombo timaswana kuposa kale ndipo khungu limapyapyala. Mng'ono wanga anadutsa njira imeneyi, ndipo palibe pilokesi imene ikanamuthandiza kufikira atasiya mafutawo ndi kukaonana ndi dokotala.

Chaka chino Okutobala wadutsa ndili ndi tiziphuphu tochepa chabe m'mbali mwa khutu lamanja, mbali imene ndimakonda kugonera, ndipo tinatha patangopita masiku ochepa nditabwerezanso shampu ija. Mapilokesi awiri mwa asanu aja ayamba kung'ambika m'makona chifukwa cha kuchapidwa ndi kusitidwa, moti Loweruka likubwerali ndikupita kukafunanso shiti ina, machesi ali m'chikwama.