Ulendo wa ku Mangochi ndi chambo cha atcheya

Tinanyamuka ku Zomba Loweruka m'mamawa tili asanu ndi awiri a gulu lathu losewera magemu, PlayStation (konsolo yosewerera magemu) titaikulunga m'chitenje cha asungichuma ngati khanda. Pa Liwonde kondakitala anati ipite kumbuyo kumene kunali matumba a makala, ndipo aka kanali koyamba kumva atcheya akukuwa. Anaifukata pamiyendo mpaka kukafika, thukuta lili kamukamu.

Anzathu osewera magemu a ku Mangochi anatichingamira pa chipilala cha wotchi cha Queen Victoria, cha 1903 chija, pafupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi. Pazithunzi zonse alembi atsinzina, dzuwa la kunyanja silinawakomere.

Zomwe tinapitira, kukaona mmene anzathuwo amayendetsera gulu lawo, tinaphunziradi. Iwo amasonkha ndalama ya mayunitsi mwezi ndi mwezi, ali ndi batire ndi inveta, ndipo dzina la wosewera ndi nthawi yake amalemba m'kope kuti pasakhale kulandana. Izi tidzakambirana pa msonkhano.

Moto unabuka masana. Kamnyamata ka kumeneko, ka Fomu 3, kanatsegula gemu ya Elden Ring. Mapointi ake onse anawathira ku nyonga, munthu wake wa m'gemu akungokhwekhwereza chilupanga chotalika ngati mtengo wopalasira bwato. Anati watopa nacho, akufuna matsenga. Rennala, mfumukazi ya m'gemumo yomwe imakulola kugawanso mapointi, anali atamugonjetsa kale kusukulu ya matsenga ya Raya Lucaria, Larval Tear (kanthu kolipirira kusinthako) imodzi ali nayo, kwangotsala kupereka kuti amuphwasule munthuyo ndi kumumanganso, zomwe timati respec. Atcheya anadzuka pampando.

"Mphwanga, wakwata kwa mphezi saopa kung'anima. Unasankha wekha. Ife Dark Souls ya 2011 tinamaliza popanda respec, ukalakwitsa umafa nazo."

"Achimwene, ndiye ndiyambirenso? Ine ndimasewera Lachitatu ndi Loweruka basi."

Alembi, amene gemu ya Baldur's Gate 3 ndi tchalitchi chawo, anati m'gemu imeneyo munthu wina dzina lake Withers amangolandira golide 100 n'kukusintha mmene wafunira, kangati konse, ndipo palibe anadwala nazo. Atcheya akuti ndiye munthuyo sakhalanso wako, wasanduka malaya a pa kaunjika, kuyesa n'kubweza. Mpamene ine ndinawakumbutsa kuti Diablo II, yomwe amaitamanda tsiku lililonse, inatuluka mu 2000 yosalola zimenezi, koma mu 2010 eni ake anafewa mtima, ukayeretsa phanga la Den of Evil, mayi wa m'gemumo dzina lake Akara amakupatsa mwayi wosintha. Anayankha kuti eni akewo anasochera.

Ndinene pano poti uko sanandipatse mpata. Atcheya ali ndi mfundo: chinthu chikakhala chaulere, posankha suganiza. Koma wokonza gemu akamakaniza kusintha amaganiza za munthu amene konsolo ndi yake, magetsi sazima. Mwana uja mapointi anawaika asanadziwe n'komwe kuti Intelligence, yomwe ndi ya matsenga, imagwira ntchito yanji, ndipo kuyambiranso kwa iye ndi miyezi ya mayunitsi osonkha. Njira ya Elden Ring ndi imene imandikhala mtima pansi, khomo lilipo koma ma Larval Tear ndi owerengeka.

Tili mkati mokangana magetsi anathima, batire lija n'kupezeka kuti silinatchajidwe. Tinapita kukadya.

Apa ndiye pagona nkhani. Mayi wa pamalo odyera anafunsa aliyense chimene akufuna, atcheya anati chambo chootcha. Patapita kanthawi mbale ya asungichuma inabwera, kampango wa msuzi wonona, mafuta ali nyezinyezi. Atcheya anameza malovu, n'kuitana.

"Mayi, chambo chija tasinthani, mundipatse kampango."

"Bambo, chili kale pamoto. Mukafuna kampango mulipira mbale ziwiri."

Kamnyamata kaja, nsima ili m'manja, osaseka n'komwe, kanangoti, "Achimwene, wakwata kwa mphezi." Alembi anatsamwa ndi munga, tinachita kuwamenya pamsana. Atcheya anapisa m'thumba, nalipira mbale ziwiri, ndipo zonse anamaliza. Kuyambira pamenepo dzina lawo ndi a Larval Tear, musadabwe mukalimva pa WhatsApp.

Tikuthokoza anzathu a ku Mangochi potigoneka, anti amene anatiphikira mpunga usiku, ndi asungichuma pobwera ndi chenje chenicheni ulendo uno. Amene anasiya chingwe cha HDMI pawindo kumeneko akudzidziwa, ndipo thiransipoti yokachitenga ndi yake.